Kodi ndani anakuonanipo mukuphunzitsa?

Funsani mphunzitsi aliyense wa kupulayimale kuti ndi liti pamene mnzake anakhala m'kalasi mwake kuyambira poyamba phunziro mpaka kumapeto, wosabwera kudzamuyesa kapena kudzalemba lipoti, wongobwera kudzaona mmene ana akuphunzirira. Ambiri amayamba akanda kaye m'mutu, kenako amatchula nthawi ya teaching practice, zaka zambiri zapitazo. Ena amatchula aPEA, alangizi a zamaphunziro oyendera sukulu za pulayimale, koma kubwera kwa aPEA ndi nkhani ina. Tsiku limenelo bwalo limasesedwa mbandakucha, tayi imatuluka m'sutikesi, ndipo lesson plan imene yakhala yosalembedwa sabata yonse imalembedwa usiku umodzi. Chimene amachiona alendowo ndi sukulu yovala za ku tchalitchi.

Ntchito yathuyi ndi yodabwitsa. Tsiku lonse umakhala pakati pa khwimbi la ana, wina akulira, wina akupempha kutuluka, wina wabedwa pensulo, koma pa luso lako lenilenilo uli wekhawekha. Mmisiri womanga nyumba khoma likayamba kupendama mnzake amaliona nthawi yomweyo n'kumuuza kuti aike chingwe. Mphunzitsi akhoza kufotokoza chinthu mokhota kwa zaka makumi awiri, ana n'kumadutsa m'manja mwake chaka ndi chaka, popanda womuuza, chifukwa palibe anaonapo.

Sikuti dziko lathu silinaliganizirepo vutoli. Mu 1994 boma la Bakili Muluzi litachotsa fizi kupulayimale, chiwerengero cha ana chinalumpha kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Aphunzitsi anasowa, ndipo boma linalemba ntchito anthu zikwizikwi amene anali asanapondepo kukoleji ya uphunzitsi. Anawaphunzitsa masabata ochepa n'kuwapatsa choko. Mu 1997 kunabwera pulogalamu ya MIITEP yoti iwasule ali pantchito pomwepo: miyezi itatu kukoleji, nthawi yotsalayo kusukulu kwawo, akuwerenga okha mabuku, ahedi akuwayang'anira, nthawi zina n'kumakumana pa zoni. M'zaka zomwezo dziko linagawidwa m'mazoni, magulu a sukulu zoyandikana, ndipo kunamangidwa ma TDC, malo ophunzirirapo aphunzitsi pa zoni, okwana 315 ndi thandizo la dziko la Britain, pa TDC iliyonse pali PEA wake. Ganizo lake linali labwino zedi: mphunzitsi aziphunzira pafupi ndi pamene amagwira ntchito, pamodzi ndi anzake amene akulimbana ndi mavuto ofanana ndi ake. Ngakhale IPTE, pulogalamu yosulira aphunzitsi atsopano a kupulayimale imene inabwera pambuyo pake, inayala zinthu mofananamo: chaka chimodzi kukoleji, chaka chimodzi pasukulu m'manja mwa mphunzitsi wakale.

Koma chimene chinamera mizu kwambiri ndi workshop. Pakabwera chatsopano, kaya ndi PCAR, silabasi ya kupulayimale imene inayamba mu 2007, kaya mabuku atsopano, njira yake imakhala imodzimodzi. Akatswiri amaphunzitsa gulu lochepa, gululo limakaphunzitsa ma PEA ndi aphunzitsi osankhidwa, iwo n'kudzatiphunzitsa ife pa TDC. Pa sitepe iliyonse masiku amachepa ndipo nkhani imafota. Amene anamva chifukwa chake cha njira yatsopano ndi a kumtunda. Ife kumunsi timangolandira malamulo ake: ana azikhala m'magulu, tchati chizipachikidwa pakhoma. Ndiye umapeza ana akhaladi m'magulu, atazungulira buku limodzi, koma mphunzitsi akulankhula yekha monga kale, kusiyana kwake n'kwakuti theka la kalasi tsopano lamufulatira.

Palinso nkhani ya alawansi, imene sitingaibise. Kalata yoitana ikafika funso loyamba si lakuti tikaphunzira chiyani, koma lakuti kuli zingati. Ine sindiweruza aliyense pa zimenezi. Munthu amene malipiro ake amatha mwezi usanafike pakati, kwinaku ngongole ikumudikira, kamvulopu ka workshop kamamugulira thumba la feteleza. Chimene chimapweteka n'chakuti ndalamayo imasokoneza kasankhidwe. Ndinaonapo pasukulu ina maphunziro a kuwerenga kwa ana a Sitandade 1 akupitako mphunzitsi wa Sitandade 8, chifukwa inali nthawi yake yodyako. Atabwerako anatipatsa lipoti la mphindi zochepa titaimirira, mapepala n'kuwaika m'kabati, ndipo mayi amene amaphunzitsadi Sitandade 1 anabwerera kukalasi kwawo mmene anachokera.

Pasukulu ina ya kumudzi imene ndinaphunzitsapo ndinapatsidwa Sitandade 3, ndipo masamu ochotsera ankandisowetsa mtendere. Ndinkafotokoza pabolodi, ana n'kuyankha mokweza kuti amva, koma ndikachonga makope mitanda inkangoti mbwee. Tsiku lina mvula inatitsekera mu ofesi ana ataweruka. Ine ndinali ndi mulu wa makope, ndikuchonga uku ndikung'ung'udza kuti ana a chaka chino ndi mbuli. Pafupi nane panali mayi wachikulire wa Sitandade 2, mmodzi wa aphunzitsi a gulu la 1994 lija, amene tonse tinkangowatchula kuti Amadamu. Anatenga makope angapo n'kuyamba kuvundukula.

“Aphunzitsi, tabweretsani onsewo,” anatero.

Samu yake inali 52 kuchotsa 38, yankho lake 14. Amadamu sanalabadire za amene akhoza. Anayamba kuunjika makope a olephera potengera yankho limene mwana walemba. Posakhalitsa patebulo panali milu itatu: wa 26, wa 24 ndi wa 20. Mulu wa 26 ndiwo unali waukulu.

“Awa si mbuli ayi,” anatero akugogoda mulu waukuluwo ndi chala. “Awa akumvera zimene tinawauza ife.”

Mwana wa 26 anayang'ana 2 ndi 8, n'kukumbukira mawu amene anawamva kuyambira Sitandade 1, akuti chaching'ono ndicho chimachoka ku chachikulu, ndiye anatembenuza n'kuchotsa 2 pa 8, kupeza 6. Mwana wa 24 anaphunzira kubwereka, anapezadi 4 pochotsa 8 pa 12, koma 5 uja anamusiya ali 5, chifukwa kwa iye ka 1 kobwerekako kamangochokera m'malere. Sadziwa kuti ndi khumi lotengedwa pa makumi asanu aja. Mwana wa 20 anaona kuti 8 sangachoke pa 2, n'kulemba 0, kupitirira. Ana atatuwa ine ndinkawapatsa mtanda wofanana ndi mankhwala ofanana, kubwereza phunziro lomwelo mokweza mawu, pamene matenda awo anali osiyana.

Mnyamata amene ankaphunzitsa Sitandade 1, wongochoka kumene kukoleji, anali chete pakona. Kenako anavomera kuti mawu a chaching'ono ndi chachikuluwo amawanenadi tsiku lililonse, chifukwa pa manambala a Sitandade 1 amagwira ntchito bwinobwino. Amadamu anati nawonso amawanena. Palibe anadziwa kuti mawuwo amadzaphulika patatha zaka ziwiri m'kalasi ya munthu wina. Tinagwirizana kuti asiye kunenedwa. Tinagwirizananso kuti ana abweretse timitengo, tizimanga khumikhumi ndi luzi, ndipo mwana aliyense wa mulu wa 24 amasule yekha mtolo umodzi ndi manja ake, aone mitolo isanu ikutsala inayi. Timitengoto si nzeru yatsopano. Aliyense wodutsa kukoleji anaimbapo nyimbo ya TALULAR, yogwiritsa ntchito zinthu zopezeka pafupi. Chatsopano chinali kudziwa mwana amene akufunika timitengo ndi chifukwa chake. Zimenezo sizikanachokera kwa mlendo wa ku likulu, chifukwa zinali m'makope a ana athu, ndipo zinafunika aphunzitsi a makalasi atatu otsatizana kukhala patebulo limodzi kuti zioneke.

Patapita nthawi Amadamu anandipempha kuti ndikakhale m'kalasi mwawo pa phunziro la kuwerenga Chichewa. Ndinadabwa, chifukwa mayi amene anayamba ntchito ine ndili mwana ndikanawauza chiyani? Iwo anati, “Ine musandiyang'ane. Mukakhale kumbuyo kwenikweni, muziyang'ana pakamwa pa ana ndi zala zawo.”

Ukaima kutsogolo, kalasi yowerenga pamodzi imamveka bwino kwabasi. Mawu amatuluka amodzi, amphamvu, mpaka woyenda pamsewu amati pasukulu pano pali maphunziro. Kumbuyo n'kwina. Ndinakhala pansi pafupi ndi khoma, pakati pa ana onunkha utsi wa m'mawa, ndipo ndinaona kuti amene akuwerengadi ndi kagulu ka kutsogolo. Enawo milomo yawo inkatsatira pambuyo pang'ono, kudikira kumva kaye kenako n'kubwereza. Mnyamata wina chala chake chinali pa mzere wachitatu pamene kalasi inali pa woyamba, koma ankafuula kuposa onse. Mtsikana wina ankaonera buku la mnzake atakhala moyang'anizana naye, ndiye malembo onse ankawaona chadodolido. Wina buku anali atalitseka n'kulikhalira, nkhani yonse akuinena pamtima osaphonya. Pomaliza Amadamu anafunsa ngati onse amva, kalasi n'kuyankha kuti eee.

Nditawafotokozera sanakhumudwe. Anafunsa mayina. Sabata yotsatira anayamba kusinthanitsa mizere, a kumbuyo kubwera kutsogolo, ndipo nthawi zina ankauza odziwa aja kuti akhale chete kuti amve mawu a enawo. Sindinganene kuti ana onse anadziwa kuwerenga teremu imeneyo. Kalasi inali yaikulu, mabuku ochepa, ndipo nthawi ya njala ena ankajomba. Koma mayiwo anasiya kukhulupirira phokoso la kalasi, ndipo inenso ndinabwerera kwanga ndikulikayikira.

Pambuyo pake ndinadzamva kuti zimene tinkachita mwamwayizi kwina ndi dongosolo lokhazikika. Ku Japan aphunzitsi akhala akuchita zimene amazitcha jugyo kenkyu kwa zaka zoposa 100: amakonzera limodzi phunziro limodzi, mmodzi n'kuliphunzitsa ena akuonerera ana, kenako n'kukhala pansi kukambirana zimene ana anachita ndi pamene anasokonezeka. Phunzirolo limakhala la gulu, ndiye likalephereka palibe wolozedwa chala. Anansi athu a ku Zambia anaitenga njirayi mu 2005, kuyambira ku Central Province ndi aphunzitsi a sayansi, mothandizidwa ndi bungwe la ku Japan la JICA, kenako inafalikira m'zigawo zina. Anaimanga pa dongosolo limene anali nalo kale lotchedwa SPRINT, la misonkhano ya aphunzitsi pasukulu pomwepo teremu iliyonse, ndipo ndikuganiza kuti n'chifukwa chake inagwira: sanadikire hotela.

Kwathu kuno a kusekondale amaidziwa SMASSE, pulogalamu yosula aphunzitsi a masamu ndi sayansi ali pantchito, imene inayambira ku Kenya mu 1998 n'kufika ku Malawi mu 2004, poyamba m'chigawo cha maphunziro cha kummwera chakummawa, kenako dziko lonse. Inabwera pa nthawi yofunika, chifukwa m'ma CDSS ambiri masamu ndi sayansi zinkaphunzitsidwa ndi aphunzitsi amene anasulidwira za kupulayimale, opanda labu, opanda wowafunsa. Mfundo yake ndi yomweyi: konza, chita, ona zimene zachitika, konzanso. Ndipo ife a kupulayimale, pulogalamu ya boma yophunzitsa ana kuwerenga ya National Reading Programme itayamba mu 2016, tinalandira mabuku a mphunzitsi olembedwa sitepe ndi sitepe, komanso tinauzidwa za ma Teacher Learning Circle, oti aphunzitsi azikumana kukambirana za kaphunzitsidwe ka kuwerenga, ma section head, aphunzitsi otsogolera zigawo za makalasi, n'kumathandiza anzawo m'makalasi.

Choncho mapepala alipo, mayina alipo. Funso langa ndi la zimene zimachitika anthu akakhala pansi. Ndakhalapo pa misonkhano yotereyi imene inathera pa kulemba mayina a obwera, kupemphera, kuwerenga mutu wa tsikulo, kenako nkhani ya maliro a kumudzi kwa mnzathu ndi ya ndalama za banki m'khonde. Fomu inadzazidwa bwinobwino, sitampa n'kudindidwa. Palibe anabweretsa kope la mwana ngakhale limodzi. Ine muyeso wanga ndi umenewo: ngati pamsonkhano wa aphunzitsi palibe ntchito ya mwana patebulo, kaya kope, kaya mayankho a mayeso, kaya zimene wina anaona kumbuyo kwa kalasi, ndiye kuti takambirana za ife eni, osati za kuphunzira.

Chimene chimatilepheretsa kwambiri, mmene ndikuonera, ndi mantha ndi manyazi, kuposa kusowa kwa ndalama. Tinazolowera kuti munthu wolowa m'kalasi mwako ndi wodzakupeza zifukwa. Kuvomera kuti mutu wa ma fraction sukuumvetsa bwino kumaoneka ngati kudzivula pagulu, ndipo pasukulu yaing'ono nkhani siichedwa kufika kumsika. Ndiye munthu amangoudumpha mutuwo, kapena kuuthamangitsa tsiku limodzi, ana n'kudzakumana nawo pa mayeso a Sitandade 8. Palinso ulemu wathu, umene ndi wabwino koma pano umatimanga. Mnyamata wochoka kumene kukoleji ya aphunzitsi ya Machinga kapena ya Kasungu angauze bwanji bambo a msinkhu wa atate ake kuti ana sanamve? Amangoti, “Phunziro linali bwino kwambiri, bambo,” nkhani n'kutha. Kumbali inayo, wachikulire amaona njira za achinyamata ngati masewera a kukoleji amene adzatha akadzalawa kalasi yeniyeni.

Amadamu anadutsa pa mpanda umenewu mosavuta, ndipo ndimaganizirabe mmene anachitira. Anayamba ndi iwo eni, wamkulu kuitana wamng'ono. Anandipatsa chinthu chimodzi choti ndiyang'ane, ndipo chinthucho chinali ana. Pobwera kudzakambirana, sindinafunike kunena kuti mayi mwalakwitsa apa. Ndinangonena kuti mwana wakuti chala chake chinali pa mzere wachitatu. Mawu otere wamng'ono akhoza kuuza wamkulu popanda mwano, ndipo wamkulu akhoza kuwalandira popanda kutsika. Kukanakhala kuti ndinalowa ndi fomu yopatsa mamalikisi pa kavalidwe, kalembedwe ka pabolodi ndi kasungidwe ka nthawi, bwenzi ubale wathu utathera pomwepo.

Apa mpamene ahedi amafunika, ndipo ahedi ambiri sadziwa mphamvu imene ali nayo. Mhedi amene amayamba ndi kutsegula kalasi yake kuti ena adzaonere wachita zambiri kuposa amene amangosainira ma scheme Lolemba lililonse. Ayeneranso kusiyanitsa poyera masiku oyendera ndi masiku othandizana, ndi kulonjeza kuti zimene zaoneka pothandizana sizidzalowa m'fayilo ya munthu. Lonjezo limenelo likangosweka kamodzi, zitseko zonse zimatsekedwa. Ma PEA nawo ali pa mpanipani womwewo: dzina lawo ndi la alangizi, koma munthu mmodzi ali ndi sukulu zambiri zotalikirana, njinga yamoto yosowa mafuta, ndi malipoti amene ku ofesi akuwafuna dzulo. Akafika pasukulu nthawi imangokwanira kuona zolembalemba.

Za nthawi ndi zoona, sindikuzipeputsa. Boma limafuna kuti mphunzitsi mmodzi akhale ndi ana 60, koma m'makalasi a ana aang'ono kumidzi chiwerengerocho chimapitirira kutali. Ukachoka kukaonerera mnzako, ana ako atsala ndi yani? Komabe mpata umapezeka ukaufuna. Ana a Sitandade 1 ndi 2 amaweruka msanga, ndiye aphunzitsi awo akhoza kukakhala m'makalasi a akuluakulu masana. Pamene kalasi imodzi ili ndi aphunzitsi awiri, m'malo moti wina aziphunzitsa mnzake ali pansi pa mtengo ndi foni, mmodzi akhale kumbuyo. Kumene kuli ophunzira a IPTE, iwowo ndi maso owonjezera, ndipo nawonso amapindula kuposa kungosiyiridwa kalasi ngati antchito aulere, monga zimachitikira m'malo ena. Ngakhale magulu a WhatsApp a pa zoni, amene nthawi zambiri amadzaza ndi mauthenga a malipiro ndi mavesi a m'mawa, ndaonapo wina akujambula samu imene yamuvuta n'kulandira njira zitatu zosiyana dzuwa lisanalowe.

Tsopano kuli Teachers Council of Malawi, imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la maphunziro la 2013 kuti izilembetsa aphunzitsi ndi kuwapatsa ziphaso, ndipo unduna uli ndi ndondomeko yakeyake ya CPD, yoti aphunzitsi azipitiriza kusulidwa ali pantchito. N'zoyenera kuti ntchito yathu ilemekezeke ngati ntchito zina za ukatswiri. Nkhawa yanga ndi ya kawerengedwe. Ngati kukula kwa mphunzitsi kudzayesedwa ndi masatifiketi a ma workshop amene wapitako, ndiye kuti a m'tauni ndi okondedwa a ahedi adzakhala patsogolo, ndipo mayi ngati Amadamu, amene anasula aphunzitsi ambiri pasukulu ya kumudzi popanda pepala lililonse, adzaoneka ngati sanachitepo kanthu. Masana aja a milu itatu ya makope analibe sitampa, analibe alawansi, analibe ngakhale botolo la Fanta. Dongosolo labwino liyenera kupeza njira yowerengera masana otere popanda kuwasandutsa fomu ina yodzaza.

Kumene ndili pano takhala tikulimbana ndi malire a Sitandade 4 ndi Sitandade 5, pamene ana amasiya kuphunzira m'Chichewa n'kuyamba kuphunzira pafupifupi chilichonse m'Chingerezi. Chaka chilichonse aphunzitsi a Sitandade 5 amadandaula kuti alandira ana osadziwa kanthu, a Sitandade 4 n'kuyankha kuti anawapereka ali bwinobwino. Titaika makope a makalasi awiriwa pamodzi tinapeza kuti onse akunena zoona. Mwana yemweyo amene ankakhoza masamu ogawa mu Sitandade 4 akulephera funso lofanana nalo mu Sitandade 5, ndipo ukamufotokozera funsolo m'Chichewa amalipeza nthawi yomweyo. Masamu ali nawo. Chimene chamutsekereza ndi chiganizo cha funso. Ndiye tagwirizana kuti mu teremu yachitatu aphunzitsi a Sitandade 4 ayambe kulowetsa mawu a Chingerezi a masamu ndi sayansi pang'onopang'ono, ndipo a Sitandade 5 atipatse mndandanda wa mawu amene ana amapunthwa nawo kwambiri. Pa nkhani yoti a Sitandade 5 azimasulira mpaka pati m'Chichewa sitinamvane. Bambo wina akuti kumasulira kumawalemaza ana, chifukwa mayeso a MANEB sadzawamasulira. Mayi wina akuti mwana sangaphunzire chinthu chimene sakumva n'komwe. Aliyense wavomera kuti mnzake akakhale kumbuyo kwa kalasi yake pa phunziro la sayansi, ndipo tidzakumananso ndi makope mwezi wamawa.